Mngelo wa 1987

Basi inamusiya Tionge ku Greenbelt cha m'ma 6 koloko, koma kunja kunali kutada kale. Disembala wa kuno ndi wotero. Nyumba zonse zofanana, zanjerwa, zosanjikizana. Anazungulira kawiri asanapeze nambala imene anailemba pachikhatho.

Ku America anali atakhalako zaka zitatu. Indiana, Dallas, kenako Philadelphia. Ntchito yake inali yosamalira okalamba, ndipo okalamba sasowa. Ku Greenbelt kokha ndi kumene ankakulambalala. Kunali bambo ake.

A Fryson anachoka ku Chilomoni mu 1987, Tionge ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anapita kukayendetsa galimoto ya kazembe wina ku Washington. Potsanzika anati pa Khrisimasi atumiza chidole. Khrisimasi inafika, inapita. Inafikanso ina. Amayi ake a Tionge anamwalira akudikirabe kalata.

Chaka chino sitiroko inawapha a Fryson mkono wamanja. Ndiye foni inalira: "Mwana wanga, bwera udzakhale nane." Tionge anabwera kudzawakanira pamaso. Mawu ake anali atawakonza m'basi, njira yonse.

A Fryson anamutsegulira chitseko ndi dzanja lamanzere. Nkhalamba yowonda, imvi mbuu.

"Wafika, mayi."

"Ndafika."

Sanamupatse ngakhale mpando. Anamutsogolera kuchipinda chaching'ono n'kuyatsa getsi.

Mashelefu mpaka kudenga. Mngelo wagalasi wa pamwamba pa mtengo wa Khrisimasi. Sitima yachitini yopukusa ndi kiyi. Timipira tonyezimira, tili m'katoni yake yakalekale. Nintendo yotuwa, makaseti ake a masewera atandandalikidwa ngati mabuku. Chilichonse chinali ndi kapepala kake: 1987, 1988, 1989, mpaka 2005. Manambala owongoka bwino, onse a inki yobiriwira.

"Chaka chilichonse ndinkagula," anatero a Fryson. "Ndikafika ku positi, manyazi. Ndinkati chidole chokha popanda mwini wake, mayi ako akachiponya m'chimbudzi. Basi n'kumasunga."

Tionge anatola kaseti imodzi. Inkanunkha fodya.

"Munayamba kusuta?"

"Ine mkulu wa mpingo? Ndi anzathu a pansipa. Utsi umakwera."

Anaitembenuza. Kumbuyo kunali popalidwa ndi mpeni. Anatola ina, chimodzimodzi.

"Apa bwanji?"

"Mtengo wake. Mphatso sapereka ndi mtengo, mayi."

"Magalimoto. Ankhonya. Mfuti. Izi n'zogulira mwana wamkazi?"

"Mkazi wake uti? Iwe uja wokhalira m'mitengo?"

Tionge anaseka asakufuna. Zinali zoona. Chipsera cha mtengo wa mango chinali pabondo mpaka lero. Kani munthuyu ankakumbukira.

Tionge analumikiza makina a Nintendo aja ku TV. Anakana kuyaka. A Fryson anati auzire mpweya m'kaseti, akuti ndi mmene amachitira. Anauzira. Kamunthu kanatulukira pagalasi, kanyimbo kakulira ngati nkhululu. Mzimayi wa zaka 24 anakhala pansi, miyendo tambalale, n'kuyamba kusewera.

"Dumpha!" bambo ake ankatero. "Aa, wagwera m'dzenje. Dzanja la amalume ako ilo."

"Bwerani muyese inuyo."

"Ndi mkono uti?"

Onse anaseka. Kenako Tionge analephera kuona pagalasi, maso atadzaza. Zaka zonsezi ankauza anthu kuti alibe bambo. Pa fomu ya sukulu analembapo kuti anamwalira. Chikhalirecho kuno kunali chipinda chake, chodzaza chaka ndi chaka, chikumudikira.

Mawu a m'basi aja anawasaka, sanawapeze.

"Mawa ndipita ndikasiye ntchito," anatero. "Lachisanu ndibwera ndi katundu."

A Fryson anagwetsa nkhope. "Mulungu ndi wabwino."

M'mawa kuli mbuu, Tionge anatuluka mwakachetechete, nkhalamba ili mtulo. Anangotenga chinthu chimodzi: mngelo wa 1987 uja, atamukulunga m'sokosi. Kunja kunkazizira koluma makutu. Pafupi ndi poimira basi, mayi wina wovala za unamwino ankapala madzi oundana pagalasi la galimoto yake.

"Ndimwe mwana wa ba Fryson?" anafunsa m'Chinyanja cha ku Lusaka. "Ndine Mulenga, wa pakhomo loyang'anana nabo. Mwafanana mphuno. Mwavikonda vidoli?"

"Kwambiri. Anakuonetsani?"

"Kunionetsa? Mama, msana ukali kuwawa. Loweruka lapitali tinachita kuvinyamula na motoka ino ku Annandale, kunyumba ya mzungu wina womwalira, fodya thoo, ana bake benze kugulitsa vonse. Maina a anawo n'napala ndine na mpeni, zaka n'nalemba ndine. Chaka choyambira chabe ndiye chinativuta, ba tate banu anachita kutumira foni kumudzi kufunsa."

Basi inaima. Tionge anakwera, sokosi ija ataisiya pabenchi.