Mpanda wa Che Jaffalie pa Damu

Panali munthu wina chakumapiri kwa Katuli, dzina lake Che Jaffalie. Nkhaniyi anandiuza ndi mayi amene analipo, ndipo ndikaikumbukira mtima umandiwawa mpaka lero.

Munali m'ma 1983, nthawi ija munthu sunkalowa mumsika ulibe khadi la chipani. Che Jaffalie anali tcheyamani wa nthambi. Pa unyamata wawo anali msodzi ku Lungwena, ndiye za madzi ankati palibe wowaposa.

Mudziwo unkamwa madzi a m'damu laling'ono, la khoma ladothi. Kumunsi kwa khomalo kunali mipopi ndi nyumba zisanu. Imodzi inali ya Awa, mwana wa Che Jaffalie yemweyo, ndi tiana take tiwiri. Woyang'anira damu anali a Kingstone, bambo wa ku Ntcheu wochita kutumizidwa pa ntchito.

Che Jaffalie anaika nsomba za makumba m'damumo, ndipo anaswana ndithu. Atamva kuti mu Febuluwale kubwera alendo akuluakulu a chipani, anati mphatso ya nthambi yawo ikhala madengu a nsomba. Koma mvula itayamba, damu linadzaza, madzi n'kumatulukira m'ngalande ya pambali pa khoma. Nsomba nazo zinkatulukira momwemo.

Ndiye msodzi angaonerere nsomba zikuthawa? Anaitana anyamata a chipani, nakhoma zikhomo, n'kumanga mpanda wa bango ndi ukonde kutseka ngalande yonse.

A Kingstone atauona anathamangira kwa tcheyamani.

"A Tcheyamani, chonde zulani mpandawu. Mvula ikagwa kumapiri, madzi amabwera ndi mapesi ndi nthambi. Zikatsakamira pa mpanda, madzi asowa kotulukira, akwera pamwamba pa khoma. Khoma ladothi likangokweredwa ndi madzi, latha."

Che Jaffalie anaseka. "Inu a ku Ntcheu madzi munawaonera kuti? Ine ndapalasa bwato mwera uli pakati. Kadamu aka n'kachiyani?"

"Nyanja ilibe anthu kunsi kwake, bwana. Damu ili lili nawo."

"Wallahi, mukaukhudza muona."

A Kingstone anaukhudza. Masana omwewo anatenga chikwanje n'kuugwetsa, anthu akuona.

M'mawa mwake kunaitanidwa msonkhano. Che Jaffalie anaimirira n'kunena kuti mlendo uyu akuononga mphatso ya atsogoleri, ndiye kuti ndi wogalukira. Kenako anafunsa, "Alipo pano akugwirizana naye?"

Zii! Mudzi wonse. Anthu amene anasenza okha dothi la khomalo pamutu, odziwa bwinobwino ntchito ya ngalande ija, aliyense maso pansi. Mantha, abale, mantha enieni ochititsa manyazi.

Galimoto ya apolisi isanabwere kudzawatenga, a Kingstone anadzera kwa Awa. "Mayi, mpanda uja akaubwezeretsa, tengani anawa mukagone kumtunda mpaka mvula ithe."

Mpanda unabwezeretsedwa, tsopano ukonde wake wopinda pawiri. Awa anamanga zovala m'chitenje n'kupita kwa bambo ake.

"Baba, ndiloleni ndidzakhale kuno masiku ochepa. Mtima wanga sukukhazikika."

"Iwe ukasamuka, anthu ati chiyani? Kuti mwana wa tcheyamani wamvera wogalukira? Ukufuna undivule pagulu? Bwerera!"

Awa anabwerera ndi mtolo wake. Anzake a nyumba zinayi zija ataona kuti mwana wa tcheyamani wakhala, nawonso anakhala.

Lachisanu lotsatira, mvula inagwa kumapiri kuyambira m'mawa. Pamudzi inkangowaza, moti palibe anada nkhawa. Amuna anapita ku mzikiti kukaswali Ijumaa. Kudamu, zinyalala zinatsakamira pa mpanda monga ananenera a Kingstone, ngalande n'kutsekekeratu. Madzi anayamba kuyenda pamwamba pa khoma, n'kumalikumba.

Amuna aja ali pakati pa swala anamva chiphokoso ngati malole ambiri akutsitsa miyala. Pothamangira kumeneko anapeza khoma lang'ambika pakati, kumunsi kuli matope okhaokha. Nyumba zisanu zija kulibe, mipopi kulibe.

Ena anapulumuka chifukwa anali kumunda. Anthu asanu ndi awiri anapita. Awa anamupeza m'bango kutali ndithu, mwana wamng'ono akadali kumsana. Wamkuluyo anapezeka patatha masiku atatu.

Ku boma kunapita lipoti loti inali mvula yoopsa basi. Za mpanda palibe anatchula. Alendo aja sanabwere n'komwe. A Kingstone anatuluka m'ndende patatha zaka zinayi, akutsokomola, ndipo palibe munthu wa m'mudzimo anapita kukawapepesa. Che Jaffalie? Utcheyamani anapitiriza, inde, musadabwe.

Amene anayankhulapo anali munthu mmodzi yekha. Tsiku la maliro, jeneza la Awa likunyamuka, mayi ake, Abiti Sulemani, anatuluka m'nyumba n'kuima patsogolo pa amuna awo. Sanakuwe ayi.

"Che Jaffalie, mwanayu anabwera pakhomo pano ndi mtolo wake kumutu. Munamubweza ndinu."

Kenako anatembenukira khamu lonse lija. "Ndipo inu mukulira apa, tsiku lija pakamwa panu panali kuti?"

Onyamula jeneza anangowalambalala n'kumapita kumanda.

Phunziro: Ngalande yotulutsira madzi pa damu satseka, kaya n'chifukwa cha nsomba, kaya walamula ndi wamkulu bwanji. Wodziwa ntchito akachenjeza, mverani, ndipo akamamuopseza musakhale chete, chifukwa amene agona kunsi kwa khomalo ndi ana anu omwe. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa aliyense amene kwawo kuli damu.