Dzina Pamzere Uliwonse

"Pulogalamu yathu ya pakompyuta yagwa, makasitomala akutitukwana! Walemba nyansi zimenezi ndani?" anakalipa bwana.

Mkulu wa olemba mapulogalamu anamwetulira. "Tisavutike, bwana. Chida chathu chatsopanochi chimaonetsa amene wakhudza mzere uliwonse wa pulogalamuyi komaliza."

Anadina batani. Dzina la mayi wongoyamba kumene ntchito linadzaza sikirini yonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Mayiyo anakumbukira kuti dzulo lake mkulu yemweyo anamupempha mokoma kuti, "Achemwali, tandiwongolerani mizere yanga yakaleyi izioneka bwino. Musasinthe kalikonse."

"Bwana, inetu ndinangowongola..."

"Makina sanama," bwana anamudula. "Longedzani."

Mkulu uja anamunyamulira katoni mpaka pageti, kenako anamunong'oneza: "Komatu achemwali, munawongola bwino."