Toyela-toyela mu Tiyi wa a Chibwe

Iwe mnzanga, sendela kuno umve zomwe zinamugwela Mildred ku Petauke, masiku aja a chipani chimodzi.

Apongozi ake anali atangofika kumene kuchokela ku Kitwe. Anasuzumila m'kapu ya mwana wao, aphunzitsi a Chibwe, n'kuona toyela-toyela tikuyandama mu tiyi.

"Inu, ichi n'chiani? Konda-ine?"

"Iai amai, ndi madzi a pampopi. Kuno ali ndi laimu, uja woyela wa m'miyala."

Apongozi anavundukula ketulo yamagetsi ija anawapatsa paukwati. M'kati monse munali mbuu, zoyela zitauma gwa mpaka kukwilila chitsulo chotenthetsa madzi.

"Ehe! Mwakhala mukumuphikila kuyambila kale! N'chifukwa chake mwana wanga anaiwala kwao."

Mildred anayang'ana mwamuna wake. A Chibwe, amene ankapala okha ketuloyo ndi mpeni Loweluka lililonse, anangokankhila kapu patali, pang'onopang'ono, maso ali pansi.

Mildred anathamangila kumpopi kuti awaonetse, n'kutunga m'tambula. Anaikweza pamaso pao.

Madziwo anali mbee, opanda ngakhale kachitsotso. Paja laimu amaonekela madzi akawila.

"Kalongedzeni katundu wanu," anatelo apongozi.

Nanga iwe, madzi akwanu anakupachikapo mlandu wanji? Tiuze pansipa, usaname.