Mchemwali wa Pachithunzi

"Muime apa, apongozi, ndipo muzimwetulira. Mzunguyu akafunsa, ndinu mchemwali wake wa Chrispine."

Ankalankhula ndi Tawinawo anali a Silvester, amalume ake a Chrispine, omwe anadya nkhuku pa chinkhoswe cha Tawina ndi Chrispine pakhomo lomweli ku Mlangeni. Lero anali ndi foni m'manja, akundandalika anthu.

Chrispine anafika dzulo kuchokera ku Ireland ndi Megan, mkazi amene anamanga naye ukwati kumeneko. A ku ofesi ya viza ankafuna zithunzi zoonetsa kuti abale akuudziwa ukwatiwo.

Megan anali atavala chitenje chobiriwira. Tawina anachizindikira ndi kachibowo komwe kanapsa ndi simbi. Chinali cha pa chinkhoswe chake, ndipo amake a Chrispine anachitulutsa m'sutikesi ya Tawina osapempha.

"Pirira, ndi za mapepala chabe," Chrispine anamunong'oneza Tawina. "Zikatheka ndidzakuitanitsa."

Tawina anayang'ana kumbali, kuthawa fungo la perefyumu yake.

"Muli bwanji, achemwali?" anatero Megan ndi Chichewa choloweza, akuseka mosadziwa kanthu.

Tawina anatembenukira kwa a Silvester. "Ankhoswe, nkhuku ija inakutsikani bwinobwino?"

Foni inatsika pang'ono.

Tawina anagwira m'chiuno mwa Megan n'kumasula chitenjecho mosapupuluma. Anachikutumula fumbi, nachimanga m'chiuno mwake. Kenako analowa pakati pa awiriwo, phewa lake litagunda la mwamuna wake.

"Jambulanitu," anatero. "Akaone bwino amene akuwapatsa viza."