Batani Limodzi la a Gerevazio

Panali munthu wina ku Bembeke, a Gerevazio, injiniya wa zamadzi. Munthu wabwino zedi, wosekera aliyense, koma akaona kompyuta zala zinkawayabwa.

Alimi a kachewere anawapempha kuti awakonzere mapaipi otsitsa madzi kuchokera pa kasupe wa m'phiri, afike m'madimba nthawi yobzala isanakwane. Masabata atatu a Gerevazio anakwera phirilo ndi makina oyezera, chisanu chili tsoo, miyeso yonse n'kumaisunga mu laputopu yawo yakale ya Windows.

Kenako laputopu inayamba kuchedwa kutsegula pulogalamu yojambulira mapulani.

"Ndichotsamo Windows, ndiikemo Linux," anauza a Filomena, injiniya mnzawo. "Akuti imathamanga koopsa."

"Linux ndi yabwino, achimwene, nanenso ndili nayo. Koma malizani kaye ntchito ya anthu. Nanga miyesoyo mwaikopera pa fulashi?"

"Aaa, achemwali! Ine makompyuta ndinayamba inu muli ku pulayimale."

Paja wosamva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Loweruka masana anayamba kuika Linux ija. Kompyuta inawafunsa bwinobwino ngati ifufute zonse za mkati. Iwo osawerenga n'komwe, mtima uli pa liwiro, anangodina batani.

Kuthamanga inathamangadi, tisaname. Koma mkati munali mbee, ngati nkhokwe ya mu Febuluwale. Pulogalamu yojambulira ija nayo inakana kulowamo.

Lolemba anakaima pamaso pa alimi atazyolika.

"Ndalakwa ndine, makolo anga. Miyeso yonse ndafufuta ndi chala changa. Madzi achedwa ndi mwezi wathunthu."

Mbewu inali itaphuka kale m'matumba, sikanatha kudikira. Amene anandiuza nkhaniyi akuti a Gerevazio misozi inali italengeza, ndipo inenso anandimvetsa chisoni.

A Alufeo, wapampando wa alimiwo, anadzuka.

"Mwanena zoona, mwana wathu, tathokoza. Mawa tikwera nanu phirilo, makina tinyamula ndife. Koma muyeso uliwonse muziutchula mokweza, ife tizilemba m'kope."

Anthu anafa nako kuseka, a Gerevazio nawo anaseka akupukuta m'maso. Mwezi wonsewo kachewere anathiriridwa ndi makeni, ndipo keni yaikulu kuposa onse ankanyamula ndi a injiniya.

Phunziro: Musasinthe Windows kapena Linux ntchito ili pakati. Koperani kaye mafayilo anu kwina, fufuzani ngati mapulogalamu anu akagwire ntchito kumeneko, ndipo werengani musanadine. Tumizani nkhaniyi kwa m'bale wanu uja wa zala zoyabwa, mukumudziwa.