Mlamu wa Kochi pa Wayilesi

Kochi anali atangovula nsapato pabalaza pamene mtolankhani wa pawayilesi anatsegula mafoni. Timu yake inali itathibulidwa zigoli zinayi kwa duu pamasewero otsegulira ligi, pakwawo pomwe.

"Otchinga kumbuyo asanu, koma golo ili pululu ngati khomo la bawa!" anakuwa munthu wina pafoni. "Mpira saudziwa ameneyu. Achoke lero lomwe!"

Kochi anawazindikira mawuwo. Anali a mlamu wake, yemwe m'mawa womwewo Kochiyo anamupatsa tikiti yaulere ndi jezi yatsopano.

Anacheukira mkazi wake, amene ankasita malaya pakona.

"Achimwene anutu awa."

Mkaziyo sanadzutse n'komwe mutu. Anangotambasula dzanja n'kukweza wayilesiyo.

"Takhalani chete, bambo. Sanamalize."