Lipenga la a Kamphinda

A Harold Kamphinda anali pakhonde kwawo ku Kabudula, kapu ya kachasu ili m'manja, akucheza ndi Godfrey. Godfrey ankaimba ng'oma mu bandi yawo ya jazi, masiku amene mahotela a ku Lilongwe ankalimbirana a Kamphinda ndi tromboni yawo, lipenga lokoka lija.

A Kamphinda maso anafa kale ndi shuga. Koma mpweya ulipo, ankatero mkuluyo.

Godfrey anabwera ndi uthenga wokoma: mwana wake akwatiwa Loweruka, ndipo akufuna bandi yakale ikaimbe. A Kamphinda misozi inangoti mbwe. Kuimbanso kamodzi asanafe, basi, china sankachifuna.

"Koma lipenga likadali bwino, akulu?"

"Lili m'bokosi mwake, kunsi kwa bedi. Mkazi wanga Natalia amandipukutira. Ndingalidziwe ndi chala chokha, lili ndi kachipsera pa chokokera. Linagwa pasiteji ku Salima."

Za ku Salimazo anangozilambalala. Sananene kuti n'kumene anatsakamira ndi woimba wina wamkazi, Natalia n'kutsala yekha ndi ana ndi munda wa fodya, mpaka ana kukula. Anabwerera ali akhungu, bokosi lili kukhwapa. Mayiyo sanakalipe ngakhale pang'ono. Anawalandira, nayamba kutcheza kachasu kuti pakhomo pasagone njala. Kapu yoyamba, ya mutu weniweni, inkakhala ya bambo.

"Mkazi uyu ndi mngelo, Godfrey. Ndiye kachasu wakeyu, ee! Talawa. Kabudula yense kulibe wina." Kenaka anakuwa monyada: "Amayi! Tanditengerani lipenga langa!"

Natalia anatulukira kuseri kwa khitchini, akununkha utsi.

"Tiyeni mukalitenge nokha," anatero mofatsa.

Anawagwira dzanja. Koma njirayo sinali ya kuchipinda. A Kamphinda anamva moto ukuwawamba m'miyendo, mphika ukubwata, madontho akugwera m'botolo. Natalia anatenga zala zawo n'kuziika pa paipi yotchezera kachasu, yofunda, yosalala bwino. Chala chinayenda pang'onopang'ono, kenaka chinaima pa kachipsera.

"Ndinalidula ndi sowo sabata lomwe munabwera," anatero Natalia, mawu ali phee. "Mukulira chiyani, bambo? Chibwerereni chanu lakhala likuimba. Si inu nomwe mumaliyamikira tsiku ndi tsiku?"